Apilo ya amuna anga

Amuna anga anafika panyumba Loweruka lina dzuwa litangopendeka, malaya atang'ambika paphewa, dzanja lamanja lili magazi okhaokha. Ine ndinali pakhonde, ndikuchonga makope a ana anga a Sitandade 5. Moni sanandipatse. Anangodzigwetsa pasitepe, n'kupuma mwabefu ngati munthu wothawa njuchi, kenako anati, "Mayi, anthu a kuno atipha."

Kumeneko kunali ku Mhuju, m'boma la Rumphi, patangopita zaka zochepa chiyambire ndale za zipani zambiri. Tonse awiri kwathu ndi ku Dedza. Iwo anali mlangizi wa zaulimi, boma ndi limene linawatumiza kumpoto, ine n'kupempha kuti andisamutse nditsate banja. Nyumba imene tinkakhala inali ya ntchito yawo: yamalata, ya zipinda zitatu, pansi pa simenti. Kusukulu kwathu nyumba zinali zochepa, moti anzanga ambiri ankachita lendi timanyumba taudzu kuseri kwa msika, tija timadonthera pamene wagoneka mwana. Nkhani ya nyumbayi ndaitchula msanga chifukwa zonse zimene ndinachita pambuyo pake ndinachitira iyoyo ndi ana atatu amene ankagonamo. Sindikudzikhululukira ayi, ndikungonena mmene zinalili.

Nditawatsuka dzanja ndi madzi amchere, anandifotokozera. Akuti anali pa bala ina ya pamsika, akumwa botolo limodzi lokha. Amuna onse a m'dziko muno amamwa limodzi lokha, mabotolo enawo kaya amadzimwa okha. Akuti kalipentala wina wa konko, yemwe anatikhomera tebulo lodyera, anawayamba dala: inu a m'chigawo chapakati mwatidyera masuku pamutu nthawi yaitali, tsopano zinthu zasintha, longedzani muzipita kwanu. Akuti anawakankha, n'kuwagwira pakhosi, ndipo iwo poona kuti akufa anatola botolo.

Ndinakhulupirira zonse, osatayapo ngakhale kachidutswa. Masiku amenewo nkhani ya zigawo inali pakamwa pa aliyense, m'minibasi, pachigayo, ngakhale pamaliro. Ine ndemwe ndikafika pamjigo amayi n'kusiya kucheza, ndinkati basi akundinena, chonsecho Chitumbuka chimene ndinkamva chinali cha moni ndi cha kugula tomato. Mtima wanga unali utayala kale mphasa kudikira nkhani yotere.

Dzuwa lisanalowe tinamva kuti kalipentalayo amutengera kuchipatala cha paboma. Botolo linasweka, galasi n'kulowa m'diso lakumanzere.

Apa ndi pamene ndinatulutsa nzeru zanga za ku Dedza. Kwathu, ukakhetsa magazi a munthu, sufunsa kuti anayamba ndani. Umagwira nkhuku, umatenga munthu wamkulu, n'kupita kukagwada. Ndipo popepesa sumanyalanyaza mawu. Umadzinyoza mopitirira, umadzisenzetsa ngakhale zimene sunachite, mpaka eni ake amachita manyazi n'kukuletsa okha kuti, "Iyayi, zisafike pamenepo, nayenso wathuyu ali ndi pakamwa." Akatero, mlandu wathera pamphasa. Ndinaonapo bambo anga akuchita zimenezi kangapo, ndipo sizinalepherepo.

Amuna anga anakana kwamtuwagalu. "Ine ndikagwadire munthu amene anafuna kundipha? Pitani nokha ngati mawondo akukuyabwani."

Ndiye ndinati ngati thupi lawo silipita, mawu awo apite. Ndinang'amba pepala pakati pa kope latsopano, ndinakhala patebulo, n'kulemba kalata m'dzina lawo. Ndinailemba m'Chingerezi, chifukwa Chitumbuka sindinkachitha, ndipo ndinkaopa kuti Chichewa chiwapsetsa mtima. Komanso, ndisaname, ndinkafuna aone kuti nafenso sukulu tinapitako, popeza bambo ake a kalipentalayo anali mphunzitsi wopuma wa sukulu za mishoni, mkulu wampingo wodziwika chigwa chonse. Ndinalemba monga mmene timapepesera kwathu: kuti wolakwa ndine ndekha, kuti ndinamenya munthu amene sanandiyambe, kuti panalibe chifukwa chilichonse koma mowa ndi mtima wanga woipa. Ndinaiwerenga kawiri n'kuona kuti yakoma. Amuna anga anasaina akudya mbatata, osawerenga ndi mzere umodzi womwe, mpaka pakona ya pepalalo panatsala chala cha mafuta.

Wamkulu wondiperekeza analibe kwina kochokera, abale athu onse anali kutali. Ndinapempha mphunzitsi mnzanga wachikulire wa ku Ntcheu, amene tonse obwera tinkamutenga ngati malume athu. Ananyamula nkhuku, ine kalata.

Nyumba ya mkulu wampingoyo inali ndi maluwa pakhomo ndiponso shelefu ya mabuku pabalaza. Anatilandira bwino, moti ndinayamba kulimba mtima. Amayi apanyumbapo anabweretsa tiyi wamkaka. Ine ndinakana mpando, ndinakhala pansi, ndipo mnzanga uja analankhula mawu onse oyenera. Mkuluyo anavala magalasi, anawerenga kalata ija mpaka kumapeto, anabwereranso poyambira, kenako anaipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba la jekete.

"Yewo chomene, asambizgi," anatero, ndiye kuti zikomo kwambiri aphunzitsi. "Mwachita bwino kubwera."

Ndinadikira mawu aja akuti nayenso wathuyu ali ndi pakamwa. Ndinadikira mpaka tiyi anazizira m'kapu. Sanabwere. Mkuluyo anangowonjezera, m'Chichewa chake chokoka mawu, kuti, "Madokotala akuti diso lija lapita, mama. Mwana wanga ntchito yake ndi ya maso." Anapemphera, n'kutiperekeza mpaka pamsewu. Lolemba lake kalata yanga inali kupolisi.

Mmene ndinakwiyira! Ndinawatukwana mumtima anthu amenewo, ndinati ndi ophunzira opanda mwambo, olandira nkhuku ndi dzanja ili kwinaku dzanja linalo likutsegula chitseko cha polisi. Sindinaganizeko n'komwe kuti kwa iwo pepala losainidwa ndi pepala losainidwa, ndipo munthu wamkulu akalemba kuti ndalakwa, ndiye kuti walakwa.

Mlandu unazengedwa paboma. Amuna anga anaukana. Anzawo amene ankamwa nawo anaitanidwa mmodzimmodzi, ndipo aliyense ananena kuti nthawi imene ndewu inkachitika, iye anali atatuluka kukataya madzi. Tsiku limenelo amuna onse a ku Mhuju mkodzo unawagwira nthawi imodzi. Mtsikana wogulitsa mowa pa balapo sanapezeke, akuti anali atachoka ntchito. Kalipentalayo anaima ndi bandeji kumaso, n'kunena kuti anamenyedwa akutembenuka kuti azituluka. Atamufunsa kuti chinayambitsa n'chiyani, anayang'ana kumene ndinakhala ine, kenako anati, "Ndinawalangiza za khalidwe la pa bala, iwo sanakondwe nazo." Sanawonjezere kanthu. Ine ndinaseka chamumtima, ndinati wabodza mawu amuthera.

Kenako wapolisi anaimirira n'kuwerenga kalata yanga mokweza, mawu ndi mawu, Chingerezi changa chokoma chija. Woweruza sanavutike. Anati munthu wavomera yekha ndi dzanja lake. Anawapeza olakwa pa mlandu wovulaza munthu, n'kuwapatsa miyezi ya kundende imene anaiimika, bola asapalamulenso. Kundende sanapite, koma kwa wogwira ntchito m'boma chigamulo chotere ndi imfa. Pasanathe milungu iwiri kunabwera kalata ya kuntchito: ayambe aima, ndipo chigamulocho chikakhala chomwecho, ntchito yatha, penshoni yapita, nyumba tituluke. Chinthu chimodzi chokha chikanaimitsa zonsezi, ndicho kuchita apilo ku khoti lalikulu ku Mzuzu.

Anzathu obwera, a m'maofesi ndi a m'masukulu, anatizungulira. Mnzanga wa ku Ntcheu uja ndiye anali patsogolo. "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe," ankatero. "Tikalekerera, atimaliza mmodzimmodzi." Anatipezera loya. Ndinkawathokoza misozi ili m'maso, ndipo mpaka lero anthu amenewo sindiwaimba mlandu. Iwonso anapusitsidwa ngati ine.

Miyezi yodikira apilo ndi imene ndinayamba kuwaona bwino amuna anga, ngakhale kuti ndinkadziletsa kuona. Ankadzuka dzuwa litakwera, kukoka mpando wandalema kupita nawo pansi pa mtengo wa mango, wailesi pamimba, n'kumalandira alendo ngati namfedwa. Aliyense wobwera ankamuyambira nkhani pachiyambi, ndipo nkhaniyo inkanenepa tsiku ndi tsiku. Poyamba wowagwira pakhosi anali mmodzi. Pofika nthawi yokolola anali atatu. Tsiku lina ndikupereka madzi osamba m'manja ndinamva kuti panalinso mpeni. Ine ndinkachoka m'mawa kukaphunzitsa, kubwera kudzaphika, kuchapa, kenako kukwera minibasi kukaonana ndi loya, chifukwa iwo akuti ulendo unkawapweteketsa mutu. Komabe ndinkadziona wolakwa. Kalata ndinalemba ndine, ndiye ndinkati chilichonse ndisenze.

Loyayo anali mnyamata wa jekete yothina, wolankhula mofulumira ngati akuthamangira basi. Anandifotokozera kuti apilo si kuzenga mlandu kachiwiri. Jaji amangowerenga zimene zinalembedwa kukhoti laling'ono, n'kuona ngati woweruza analakwitsa. Koma nthawi zina amalola umboni watsopano.

"Mlandu wonsewu waima pa kalata yanu, mayi," anatero. "Tikagwetsa kalata, wagwa. Mudzalumbira kuti munalemba ndinu, kuti abambo sanawerenge, ndiponso kuti mawu ali m'menemo si oona, ndi mwambo chabe wa kwanu. Tsono tiwonjezere chimodzi. Atafika kunyumba tsiku lija, pakhosi pawo munaonapo chiyani?"

Ndinati sindinayang'ane pakhosi, ndinatanganidwa ndi dzanja.

"Ganizani bwino, mayi. Munthu wogwidwa pakhosi amakhala ndi mikwingwirima. Malaya munaona kuti anang'ambika. Pakhosi simunaone?"

Ndinaganiza, ndipo poganizapo ndinayamba kuiona mikwingwirimayo. Mtima wa munthu ndi wotero, ukafuna chinthu umachijambula wokha. Ndinati mwina inalipo. Iye analemba kuti inalipo.

Palibe amene anandituma kukafuna mtsikana wa pa bala uja. Ndinadzituma ndekha, pofuna kuti umboni wathu ulimbe. Ndinkati iyeyo anaona zonse, ndipo ngati anthu a kuno anamuthamangitsa kuti asanene zoona, ine ndimupeza. Ndinafunsa kwa amayi ogulitsa nthochi pamsika, mpaka wina anandiuza kuti amagwira ntchito m'lesitilanti ina pafupi ndi depoti ya paboma. Ndinamupeza m'mawa wa Loweruka kuseri kwa lesitilantiyo, atawerama pabeseni, akutsuka mbale. Anali wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira, wosiyana pang'ono ndi atsikana amene ndinkawaphunzitsa zaka zingapo m'mbuyomo. Atamva kuti ndine yani, anapukuta manja pachitenje, n'kundikokera kachitini koti ndikhalepo.

"Mama, mukufuna ndinene zimene zinachitika, kapena zimene zingakuthandizeni?" anandifunsa.

Ndinati zonsezo ndi chimodzi.

"Yayi, mama, si chimodzi." Anayang'ana m'beseni. "Abambo aja anandigwira dzanja ndikubweretsa mowa. Sikanali koyamba. Tsiku limenelo anakana kundisiya, anandikokera pamiyendo pawo, dzanja lina n'kulowetsa m'bulauzi. Anzawo ankaseka. Akalipentala aja anangoti, alangizi, musiyeni mwanayu, ndinu munthu wolemekezeka. Basi. Anatenga chipewa chawo kuti azipita. Ali pakhomo, abambo anawaitana, iwo potembenuka anakumana ndi botolo."

Ndinafunsa za zigawo, za longedzani muzipita kwanu.

"Zimenezo ndazimva kwa inu lero."

Ndinafunsa za malaya, popeza malayawo ndinawaona ndi maso anga. Ndinkayesa kuti pamenepo ndamugwira.

"Ndinang'amba ndine. Munthu atagwa pansi, abambo anatolanso botolo lina. Ndinawakoka paphewa." Anatenga mbale ina n'kuyamba kuikwecha. "Mawa lake anzawo aja anauza eni bala kuti ndikakhalapo iwo asiya kumwera pamenepo. Ndi mmene ndinapezekera kuno. Kukhoti musanditengere, mama, phepani. Ndavutika nazo kokwana."

Sindinamutsutse. Mkazi amadziwa mwamuna wake, ndipo mawu akuti sikanali koyamba anagwera pamalo amene ndinali nditawasesa kalekale n'kuwaphimba. Ndinakwera minibasi kubwerera kunyumba. Chimene chinandinyansa koposa chinali ichi: kalata imene ndinalemba ngati mwambo chabe, mawu amene ndinkati ndikukokomeza, inali yoona mzere uliwonse. M'nkhani yonseyi pepala lokhalo ndi limene linanena zoona, ndipo ine ndinali nditalonjeza kukalumbira kuti ndi labodza.

Amuna anga ndinawapeza pansi pa mango paja. Ana anali kosewera. Ndinaima, sindinagwade monga ndinkachitira polankhula nawo, ndipo ndinawauza zonse zimene ndinamva. Ndinkayembekezera kuti akana, alumbira, mwina andimenya. Bola akanatero. Iwo anangochepetsa wailesi pang'ono.

"Ndiye mwayenda ulendo wonsewo kukamvera hule?"

Ndinati ndikufunsa ngati zili zoona.

"Mowa, mayi. Zinachitika, zinapita. Tsopano mukufuna chiyani? Mukauze jaji kuti amuna anga ndi oipa, atichotse m'nyumba? Anawa mukagona nawo kuti, m'kalasi mwanu?" Anakwezanso wailesi. Ndikulowa m'nyumba anandiitana kuti ndiwo za dzulo ngati zatsalako ndiwatenthetsere.

Ndinawatenthetsera. Izi ndimazinena chifukwa anthu akamamva nkhaniyi amafuna ndinene kuti ndinaponya poto pansi. Sindinaponye. Ndinasonkha moto, ndinatenthetsa nyemba, ndinawapatsira m'mbale yawo yamaluwa, ndipo poyang'ana mmene ankatafunira, mafuta akutsikira kuchibwano, ndinadabwa kuti munthu ameneyu ndinabereka naye ana atatu. Thukuta lawo, kutsokomola kwawo, ngakhale mapazi awo pamkeka, zonse zinayamba kundinyansa kuyambira tsiku limenelo.

Panatsala milungu itatu kuti apilo imvedwe. Ndinaganiza zokauza loya, koma ndinadziwa kuti angonena kuti zimene simunaone ndi maso anu si umboni. Ndinaganiza zobwerera ku Dedza ndi ana, koma kusamutsidwa kwa mphunzitsi sikuchitika pa sabata imodzi, ndipo kwathu mayi anga ankakhala m'nyumba ya chipinda chimodzi ndi adzukulu ena anayi. Madzulo ena ndinapita dala kuseri kwa msika kukaona timanyumba taudzu tija. Kamodzi kanali kopanda munthu. Ndinasuzumira pawindo, ndinaona chiswe chitakwera khoma mpaka kudenga, pansi pali zitosi za mbuzi. Mwana wanga wotsiriza anali ndi chifuwa cha mphumu. Ndinabwerera kunyumba nditadziwa kale chimene ndidzachite, ndipo ndinadzida chifukwa chodziwa msanga chotero.

Tsiku la apilo tinanyamuka m'mawa ndi gulu la anzathu. Amuna anga anavala suti ya ukwati wathu, ndipo mutu sunawapweteke ulendo umenewo. M'khoti lalikulu munkazizira, mabenchi ake aatali ngati a m'tchalitchi. Pabenchi yakumbuyo ndinaona mkulu wampingo uja atakhala yekha, chipewa pabondo. Mwana wake sanabwere.

Jaji analola kuti ndipereke umboni. Anandipatsa Baibulo lachikuto chakuda, lonyowa ndi thukuta la anthu ena amene analigwira ine ndisanabwere. Ndinakweza dzanja. Ine amene ndinkaphunzitsa Sande sukulu, amene ndinkakwapula ana a eni chifukwa chonama za homuweki, ndinalumbira pamaso pa Mulungu. Ndinati kalatayo ndinalemba ndine, zimene zinali zoona. Ndinati amuna anga sanaiwerenge, zimenenso zinali zoona. Ndinafotokoza mwambo wa kwathu wa kupepesa, ndipo ndinaufotokoza bwino, mwauphunzitsi, moti jaji ankagwedeza mutu. Kenako ndinati mawu a m'kalatamo sanali oona. Ndinati pakhosi pa amuna anga ndinaona mikwingwirima ya zala, inayi mbali iyi, umodzi mbali inayo. Za kuwerenga zalazo palibe anandiphunzitsa, zinangotuluka zokha. Mawu anga sananjenjemere ngakhale pang'ono. Ndinkayembekezera kuti bodza lotere lindilemera pakamwa, koma linatuluka mosavuta ngati ndikuitana mayina m'kalasi.

Loya wa boma anandifunsa mafunso awiri kapena atatu, osalimba. Masana jaji anagamula. Anati kalata yolembedwa ndi munthu wina, motsata mwambo, siyingatengedwe ngati kuvomera mlandu, ndipo ikachotsedwa pamatsala mawu a munthu mmodzi kutsutsana ndi a mnzake. Anati pali chikayiko, ndipo chikayiko chimakomera woimbidwa mlandu. Chigamulo chija anachifafaniza. Jajiyo sanalakwitse kanthu, anaweruza zimene ndinamupatsa. Anawonjezeranso mawu ondiyamikira ine, kuti ndine mayi wofuna mtendere, ndipo mwambo wopepesa ndi wabwino, tisautaye. Ndinkafuna pansi patseguke.

Panja anzathu anawanyamula amuna anga m'mwamba ngati agoletsa chigoli. Mnzanga wa ku Ntcheu anandigwira manja onse awiri, misozi ikutsika, akuti Mulungu sagona. Amuna anga anati choonadi sichibisika, ananena mokweza kuti onse amve, osandiyang'ana. Kenako anati iwo atsalira pang'ono m'tauni kuti akathokoze anzawo, ine nditsogole ndikaone ana. Ndinadziwa kumene ankapita kukathokozerako. Ntchito yabwerera, penshoni yabwerera, nyumba ndi yathu.

Ndinapita ndekha kudepoti. Minibasi yopita kwathu inali itatsala munthu mmodzi kuti idzaze, ndipo kondakitala anandikankhira mkati ndisanaone bwino. Malo otsalawo anali pafupi ndi mkulu wampingo uja. Ndinafuna kutsika, koma chitseko chinali chitatsekedwa kale. Mkuluyo anasendera kuwindo kuti ndikhale bwino, ndipo ataona kuti chikwama changa chikusowa poika, anachitenga n'kuchiika pamiyendo pake.

Tinayenda mtunda wautali. Tinadutsa Ekwendeni, anthu ena anatsika, ena anakwera. Ine maso anali pamsana wa mpando wakutsogolo. Kenako mkuluyo analankhula, motsitsa, osatembenuka.

"Asambizgi, mwana wanga ndinakangana naye chomene mlandu usanayambe. Ndinamuuza kuti akanene zonse, za mtsikana uja, zimene alangizi ankamuchita. Iye anakana. Anati, 'Bambo, akazi a alangiziwo adzakhala m'khoti momwemo, ndipo amaphunzitsa mwana wanga, sindingawavule pagulu.' Anati kalata ija ndi yokwana, popeza yanena zoona." Anasisita chipewa. "Tsopano matabwa amadula mokhota, anthu asiya kumupatsa ntchito. Akundidikira kunyumba kuti ndikamuuze mmene zayendera. Ndikuganiza kuti ndikayambire pati."

Sanandifunse kanthu, sananditukwane. Ndikanakonda akananditukwana, minibasi yonse imve. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene pepani, chifukwa ndi mawu okhawo amene ndinaphunzitsidwa kunena pa nthawi yotere. Koma pepani wanga anali atamulandira kale kamodzi, wolembedwa bwino, ndipo m'mawa womwewo anandimva ndikulumbira kuti anali wabodza. Ndinatseka pakamwa. Ndinakhala chete mpaka ku Mhuju, chikwama changa chili pamiyendo pake.